Mutu 8: Kusankha Uthenga Woyamba Kudutsa pa Netiweki ya Sukulu

Mawu otsogolera

M'mutu wapitawu munaphunzira mmene makompyuta a pasukulu amalumikizidwira kuti apange netiweki. Tsopano tafika pa funso limene limavutitsa sukulu iliyonse imene ili ndi makompyuta ambiri koma njira ya intaneti imodzi yokha. Funso lake ndi ili: pamene onse akufuna kudutsa nthawi imodzi, ayambe ndani?

Mwina mukuganiza kuti imeneyi ndi nkhani ya akatswiri a makompyuta okha. Ayi ndithu. Katswiri amadziwa podina, koma amene amadziwa kuti phunziro la masamu la pavidiyo ndi lofunika kuposa nyimbo zimene wina akukoka pafoni yake ndi inu aphunzitsi. Mukapanda kunena chimene chiyenera kutsogola, makina sasankha chilichonse. Amangotumiza chimene chafika poyamba, ngakhale chikhale chachabechabe.

Zolinga

Pomaliza mutu uno muzitha:

- kufotokoza kusiyana kwa switch wamba ndi switch yolamulika;
- kuwerengera nthawi imene uthenga umachedwa ukaima pamzere;
- kutchula njira ziwiri zoikira chizindikiro pa uthenga;
- kulemba ndandanda wa uthenga wa pasukulu panu kuyambira wofunika msanga;
- kufotokoza zimene kutsogoza uthenga sikungathe kuchita.

Chifukwa chiyani tikutenga zitsanzo ku Johannesburg?

Zitsanzo zathu zambiri tazitenga ku Johannesburg, mzinda umene ambirife timangouti Joni. Mzindawu uli m'chigawo cha Gauteng, chimene chinayamba kale kuika makompyuta m'masukulu a boma. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 boma la chigawochi linayambitsa ntchito ya Gauteng Online, imene cholinga chake chinali kupatsa sukulu iliyonse chipinda cha makompyuta 25 olumikizidwa ku intaneti. Mu Januwale 2015, Panyaza Lesufi ali mkulu wa zamaphunziro m'chigawochi, anayambitsa makalasi ophunzirira pa matabuleti m'malo mwa mapepala. Imodzi mwa masukulu oyamba inali sekondale ya Boitumelong ku Tembisa, kufupi ndi Johannesburg. Ndipo pamene masukulu anatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, ku South Africa ngakhale ku Malawi, kuphunzitsa pavidiyo kunasiya kukhala nkhani yongomva.

Taonani mmene zinthu zinasinthira. Sukulu imene inali ndi makompyuta 25 m'chipinda chimodzi inapezeka ili ndi zipangizo mazanamazana: matabuleti a ophunzira, mafoni a aphunzitsi, makompyuta a mu ofesi ndi mabolodi amagetsi a m'kalasi. Zonsezi zimalimbirana njira imodzi. Vuto lomwelo lidzafika kapena lafika kale pasukulu panu, kaya muli ku Zomba, ku Chipata kapena ku Tete.

Switch ndi ntchito yake

Switch imene tikunena pano si swichi yoyatsira magetsi ija ayi. Ndi bokosi lokhala ndi mabowo olowetsamo mawaya a netiweki, nthawi zambiri 8, 24 kapena 48. Bowo lililonse akatswiri amalitcha port, ndipo ife tizilitcha khomo. Kompyuta ikafuna kutumiza uthenga, siutumiza wonse pakamodzi. Imaudula m'zidutswa zing'onozing'ono zotchedwa mapaketi, ndipo paketi iliyonse imakhala ndi adiresi ya kumene ikupita. Ntchito ya switch ndi kulandira paketi pakhomo limodzi, kuwerenga adiresi, n'kuitulutsa pakhomo loyenera.

Switch zilipo zamitundu iwiri. Switch wamba mumangoilumikiza ku magetsi, mawaya n'kulowetsa, basi yayamba ntchito. Ndi yotsika mtengo, koma simungaiuze chochita. Mtundu wachiwiri akatswiri amautcha managed switch, ife tiziti switch yolamulika. Iyi ili ndi adiresi yakeyake, ndipo munthu amene ali ndi nambala yachinsinsi angathe kulowamo pakompyuta n'kuiuza kuti khomo lakuti lizitsogola, khomo lakuti lisapitirire liwiro lakuti, makomo akutiakuti akhale gulu lapadera. Luso lotsogoza uthenga wina limatchedwa Quality of Service, mwachidule QoS, ndipo dzina limeneli ndi limene mukalipeze pa tsamba la malamulo a switch.

Mmene mzere umayambira

Khomo limodzi limatulutsa paketi imodzi panthawi imodzi. Mapaketi akafika ambiri kuposa amene khomolo lingatulutse, otsalawo amaima pamzere m'kachipinda kosungiramo mkati mwa switch. Kachipindako kakadzaza, mapaketi obwera pambuyo amatayidwa. Zili ngati kuchigayo tsiku loweruka: mphero ndi imodzi, matumba ndi ambiri, ndiye wobwera mochedwa amadikira, ndipo dzuwa likalowa ena amabwerera osagayitsa.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Paketi yodzaza ya pa netiweki ya mawaya imanyamula mabayiti 1,500. Bayiti imodzi ili ndi mabiti 8, choncho paketiyo ili ndi mabiti 12,000. Tiyerekeze sukulu imene njira yake ya intaneti ndi ya 10 Mbps, ndiye kuti mabiti 10,000,000 pasekondi. Kutulutsa paketi imodzi kumatenga 12,000 kugawa ndi 10,000,000, zimene zikutipatsa mamilisekondi 1.2. Milisekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Kanthawi kochepa zedi, si choncho? Koma ngati pamzere pali kale mapaketi 200, paketi yofika kumene idikira mamilisekondi 240.

Tsono bungwe loona za matelefoni padziko lonse la ITU, m'malangizo ake otchedwa G.114, limati kuti anthu alankhulane momasuka, mawu asachedwe kupitirira mamilisekondi 150 kuchoka kwa wolankhula kufika kwa womvera. Mwaona? Mzere umodzi wokha wadya kale nthawi yonse ija n'kupitirira, uthenga usanatuluke n'komwe pachipata cha sukulu. Zotsatira zake mumazidziwa: mawu odukaduka, chithunzi chouma, ndi mphunzitsi wofunsa kuti "Mukundimva kodi?" kanayi paphunziro limodzi.

Ntchito 1

Sukulu ina ili ndi njira ya 20 Mbps. Pamzere pali mapaketi odzaza 150. Kodi paketi ya mawu yofika kumene idikira nthawi yaitali bwanji? Werengerani musanaone yankho kumapeto kwa mutu uno.

Uthenga sufanana

Mfundo yaikulu ya mutu uno yagona apa. Uthenga wina umapirira kudikira, wina supirira. Wophunzira akamakoka buku pa intaneti, paketi ina ikatayika makompyuta awiriwo amazindikira n'kuitumizanso. Bukulo lifika lonse, kungoti lichedwa pang'ono, ndipo palibe amene angadandaule kuti lafika pamasekondi 42 m'malo mwa 40. Mawu ndi osiyana. Foni ya pa intaneti kawirikawiri imatumiza mapaketi 50 pasekondi, iliyonse itanyamula mamilisekondi 20 a mawu. Paketi ya mawu ikafika mochedwa ilibenso ntchito, chifukwa chiganizo chapita kale. Komanso si kuchedwa kokha kumene kumavuta; paketi ina ikafika msanga, inzake mochedwa, mawu amamveka ngati a munthu wachibwibwi.

Chodabwitsa n'chakuti uthenga wosapirirawu ndi umene umadya malo ochepa. Foni imodzi ya pa intaneti siifika n'komwe 0.1 Mbps. Phunziro la pavidiyo limafuna pakati pa 1 ndi 3 Mbps, malinga ndi kuwala kwa chithunzi. Pamene kompyuta imene ikukoka mafayilo akuluakulu, monga pokonzanso Windows, imayesetsa kutenga njira yonse imene yaipeza. Choncho kutsogoza mawu ndi vidiyo sikupweteka kwenikweni enawo, koma kusatsogoza kumapha phunziro.

Kuika chizindikiro pa paketi

Kuti switch idziwe paketi yoyenera kutsogola, paketiyo iyenera kukhala ndi chizindikiro. Njira zodziwika zilipo ziwiri, ndipo zonse zinakhazikitsidwa mu 1998.

Yoyamba imatchedwa 802.1p, yochokera ku bungwe la IEEE. Imagwiritsa ntchito mabiti 3, choncho ili ndi manambala 8, kuyambira 0 mpaka 7. Uthenga wamba umakhala pa 0. Vidiyo imapatsidwa 4, mawu amapatsidwa 5, ndipo 6 ndi 7 amasungidwira uthenga umene makina a netiweki amatumizirana okhaokha. Chenjerani apa: nambala 1 ili pansi pa 0, osati pamwamba pake. Ndi ya uthenga umene ungadikire mpaka ena onse atadutsa. Chizindikiro chimenechi chimagwira ntchito mkati mwa netiweki ya sukulu mokha, ndipo chimathera pa router, bokosi lija limene limalumikiza sukulu ku intaneti.

Yachiwiri imatchedwa DSCP, yofotokozedwa m'chikalata cha RFC 2474. Ili ndi mabiti 6, choncho manambala ake ndi 0 mpaka 63. Mawu amapatsidwa 46, misonkhano ya pavidiyo kawirikawiri 34, uthenga wamba 0. Ubwino wake ndi wakuti chizindikirochi chimakhala m'kati mwa paketi yeniyeniyo, kotero router nayonso imatha kuchiwerenga.

Ndani amalemba chizindikirocho? Nthawi zina ndi chipangizo chotumiza, monga foni ya pa intaneti ya mu ofesi. Mapulogalamu ngati Zoom ndi Microsoft Teams angathenso kulemba, koma woyang'anira ayenera kuchita kuwauza. Njira yapafupi pasukulu ndi kuuza switch kuti chilichonse cholowa pakhomo lakuti, mwachitsanzo pamene palumikizidwa kompyuta yophunzitsira pavidiyo, chizipatsidwa nambala yakuti.

Mizere ya mkati mwa switch

Amene munafikako ku Johannesburg mwina munaona mabasi a Rea Vaya, amene anayamba kuyenda mu Ogasiti 2009 kuchoka ku Thokoza Park ku Soweto kudzera pakati pa mzinda mpaka ku Ellis Park. Mabasiwa anawapatulira mpata wawo pamsewu. Galimoto zina zikathithikana, basi imangodutsa. Dziwani kuti mpatawo suchepetsa galimoto zimene zili mumzinda. Umangosankha woyamba kufika. Switch yolamulika imachita chimodzimodzi. M'malo mwa mzere umodzi, khomo lililonse limakhala ndi mizere 4 kapena 8, ndipo paketi imaikidwa pamzere malinga ndi chizindikiro chake.

Kenaka switch iyenera kusankha mzere wotengapo paketi. Njira yoyamba imatchedwa strict priority. Apa mzere wapamwamba umatha kaye wonse, ndiye wotsatira ayambe. M'chitsanzo chathu chija, paketi ya mawu sikanadikira mamilisekondi 240. Ikanangodikira kuti paketi imene ili kale pakhomo imalize kutuluka, zimene sizipitirira mamilisekondi 1.2. Koma njirayi ili ndi choopsa chake: mzere wapamwamba ukapanda kuuma, apansiwo sadutsa ngakhale pang'ono.

Njira yachiwiri imatchedwa weighted round robin. Apa mizere imalandizana, koma magawo ake ndi osiyana. Mwachitsanzo, pa ulendo uliwonse mzere woyamba utulutse mapaketi 8, wachiwiri 4, wachitatu 2, womaliza 1. Aliyense amadyako, kungoti wina mtanda waukulu, wina waung'ono. Netiweki zambiri zimaphatikiza njira ziwirizi: mawu okha amaikidwa pamzere wotsogola, zotsalazo n'kumagawana. Akatswiri amalangizanso kuti mzere wotsogolawo usapatsidwe kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a njira yonse.

Musakhulupirire chizindikiro chilichonse

Wophunzira wochenjera angathe kuuza kompyuta yake kuti izilemba 46 pa mapaketi onse, ngakhale a masewero. Switch ikakhulupirira, mwana uja wakwera mpata wa basi ndi njinga yake. N'chifukwa chake switch yolamulika imakulolani kusankha makomo okhulupirika. Makomo a foni ya mu ofesi ndi a kompyuta yophunzitsira akhoza kukhulupiriridwa. Makomo a m'chipinda cha ophunzira auzidwe kufufuta chizindikiro chilichonse n'kulembapo 0.

Ndi bwinonso kugawa netiweki m'magulu otchedwa VLAN: gulu la ofesi, gulu la aphunzitsi, gulu la ophunzira ndi gulu la alendo. Magulu amathandiza pa zinthu ziwiri. Kutsogoza kumaphweka chifukwa mumalamula gulu lonse pakamodzi, komanso makompyuta amene amasunga malikisi ndi mbiri za ana, monga amene ali ndi pulogalamu ya SA-SAMS m'masukulu a ku South Africa, amakhala patali ndi manja a ophunzira.

Zimene QoS singathe kuchita

Apa pafunika kunena chilungamo, chifukwa ogulitsa zipangizo sanena zonse.

Choyamba, QoS siwonjezera liwiro. Njira ya 10 Mbps ikhalabe ya 10 Mbps. Ngati makalasi 8 akufuna kuphunzira pavidiyo nthawi imodzi, lililonse likufuna 2 Mbps, pafunika 16 Mbps, ndipo palibe lamulo la switch limene lingakwanitse zimenezo. Yankho ndi kusintha ndondomeko ya maphunziro kapena kugula njira yaikulu.

Chachiwiri, QoS imagwira ntchito pokhapo pamene pali mzere. Makomo a switch zambiri za masiku ano ndi a 1,000 Mbps, ndipo paketi yodzaza imadutsapo pa mamilisekondi 0.012 okha. Mkati mwa sukulu mzere umapangika makamaka pa waya umodzi wolumikiza switch ina ndi inzake, kapena pamene ophunzira onse akukoka phunziro ku seva ya sukulu nthawi imodzi. Koma mzere woipitsitsa kawirikawiri umakhala pa router, pamene msewu waukulu wa m'sukulu umalowa m'kanjira ka intaneti. Choncho switch ilembe zizindikiro, koma router nayonso iuzidwe kuzitsatira. Kukonza switch yokha n'kusiya router kuli ngati kusesa bwalo n'kusiya zinyalala pakhomo.

Chachitatu, zizindikiro zanu zimathera pachipata. Johannesburg ndi kumene makampani ambiri a intaneti a kummwera kwa Africa amakumanira n'kupatsirana uthenga, pa JINX imene inayamba mu 1996 ndi pa NAPAfrica ya kampani ya Teraco. Komabe ngakhale sukulu ili pafupi ndi malo amenewa, kampani yoipatsa intaneti siikakamizidwa kulemekeza zizindikiro zake, ndipo makampani ambiri amazifufuta pokhapokha pali mgwirizano wapadera. Pa uthenga wobwera kuchokera kunja, chimene katswiri amachita ndi kuuza router kuti izigwiritsa ntchito liwiro lotsikirapo pang'ono kuposa limene munagula, kuti mzere upangikire m'bokosi lanu momwe mungaulamule, osati kwa kampani.

Chachinayi, matabuleti ndi mafoni amadzera pa Wi-Fi, imene ili ndi mizere yakeyake 4 yotchedwa WMM. Onetsetsani kuti nayo ndi yoyatsa.

Ntchito 2

Lembani ntchito zonse zimene intaneti imagwira pasukulu panu kapena pa malo ophunzitsirapo aphunzitsi amene muli nawo pafupi. Zigaweni m'magulu atatu: zosadikira, zodikira pang'ono, ndi zodikira mpaka anthu ataweruka. Kambiranani ndandanda wanu ndi aphunzitsi anzanu awiri. Kodi mwagwirizana pa zonse? Ngati ayi, mwasiyana pati?

Udindo wanu

Mutu umodzi susenza denga. Ndandanda wa uthenga ulembedwe ndi mphunzitsi wamkulu, aphunzitsi ndi a mu ofesi pamodzi, katswiri asanafike. Pamsonkhano wotere aliyense amanena kuti ntchito yake ndiyo yofunika. Kumbukirani kuti ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mukaika zonse pamzere woyamba, mwabwerera ku mzere umodzi uja, ndalama za switch yolamulika n'kupita pachabe. Funso lofunsa si lakuti "Kodi ntchitoyi ndi yofunika?" koma lakuti "Kodi ikachedwa ndi sekondi imodzi, iwonongeka?" Kutumiza malikisi ku ofesi ya maphunziro ndi ntchito yofunika kwambiri, koma siwonongeka ndi sekondi imodzi. Imayenera gawo lotsimikizika pamzere wachiwiri, osati mpata wa mawu.

Katswiri akamaliza, musamulole kupita musanachite zinthu zinayi izi. Yesani: imbani foni ya pavidiyo pamene makompyuta angapo akukoka mafayilo akuluakulu, ndipo mumve nokha ngati mawu akuduka. Mufunseni ngati wasunga malamulowo m'chikumbumtima chosafufutika cha switch, chifukwa pa switch zambiri malamulo osasungidwa amafufutika magetsi akazima, ndipo kuzimazima kwa magetsi, kumene kunavuta kwambiri ku Johannesburg mu 2022 ndi 2023, si kwachilendo kwathu kuno. Akusiyireni pepala losonyeza khomo lililonse ndi ntchito yake, kuti wina asadzasunthe waya mosadziwa. Pomaliza, asinthe nambala yachinsinsi imene switch inabwera nayo, ndipo yatsopanoyo isungidwe kwa mphunzitsi wamkulu.

Kuomba mkota

M'mutu uno mwaphunzira kuti mapaketi amaima pamzere pamene njira yachepa, ndipo kuti mawu ndi vidiyo zimawonongeka zikachedwa pamene mafayilo amapirira. Mwaona kuti switch yolamulika imawerenga zizindikiro za 802.1p kapena DSCP n'kuika mapaketi m'mizere yosiyana. Mwaonanso kuti luso limeneli siliwonjezera liwiro, limafuna router yogwirizana nalo, ndipo limathera pachipata cha sukulu. Mutu wotsatira ukamba za kuteteza netiweki ya sukulu.

Mafunso odziyesa

1. Tchulani zinthu ziwiri zimene switch yolamulika imachita zimene switch wamba singachite.
2. Fotokozani kuopsa kwa njira ya strict priority.
3. N'chifukwa chiyani makomo a m'chipinda cha ophunzira sayenera kukhulupiriridwa?
4. Mphunzitsi wamkulu wagula switch yolamulika, koma maphunziro a pavidiyo akudukabe. Perekani zifukwa ziwiri zimene zingachititse zimenezi.

Yankho la Ntchito 1

Paketi imodzi: 12,000 kugawa ndi 20,000,000 ndi mamilisekondi 0.6. Mapaketi 150 kuchulukitsa ndi 0.6 ndi mamilisekondi 90. Nambalayi ili pansi pa 150, koma musasangalale msanga. Kwangotsala mamilisekondi 60 a ulendo wonse wotsala, kuchoka pachipata cha sukulu kukafika kwa womvera.